Kaseti Yopita kwa Apongozi

Uthenga wa apongozi unabwera ndi a Fryson, patatha mwezi chiikire maliro a bambo Henderson Kalekeni. Linali Lamlungu masana. A Fryson anafika atatsagana ndi a Yotam, onse akuchokera ku tchalitchi, ndipo anakhala pabalaza zipewa zili m'manja. Callista, mkazi wa malemuyo, anawathirira tiyi n'kukakhala pa kampando ka pafupi ndi khomo la kukhitchini. Kunja, m'misewu ya ku Alexandria, ku Amereka, chipale chofewa chinali chitasungunuka n'kusanduka matope akuda.

A Fryson anali akumudzi kwa a Henderson, ku Ntcheu. Anali atamaliza maphunziro awo a zaulimi ku Maryland, ndipo Loweruka likubweralo ankabwerera kwawo kotheratu.

"Alamu," anatero a Fryson, "dzana ndinayankhula pa foni ndi mchemwali wanga wa ku Blantyre. Anapita kukapepesa kwa mayi aja."

"Ali bwanji?"

"Ali choncho. Maso ndiye anafa kalekale, paja ndinakuuzani. Zithunzi mwakonza zija akazigwira m'manja, koma sakaziona." Anazungulitsa chipewa chawo kaye. "Ndiye atuma mawu. Akuti, mwana wanga mwamuika kwa eni, palibe kanthu, dothi ndi limodzi. Koma anthu akhala akundiuza zaka zonsezi kuti Hendasoni ndi woimba wamkulu ku Amereka. Mukamuuze mpongozi wanga anditumizire nyimbo yake imodzi yokha pa kaseti, ndimve mawu ake, ndidziwe amene ndikumulira."

Callista anayang'ana m'kapu yake. Apongozi akewo, a Nasibeko, anali asanawaonepo ndi maso. Iye anabwera kuno mu 1969 kudzaphunzira unamwino, anakumana ndi a Henderson ku tchalitchi, ukwati n'kuchitira konkuno. Sanakagwadepo pakhonde la mayiwo, sanawatungirepo madzi, ndipo Mulungu sanamupatse mwana woti akawaike pamiyendo. Aka kanali koyamba kuti apongozi amupemphe kanthu.

Vuto linagona pa liwu loti woimba. A Henderson sanali munthu wa nyimbo za pakamwa. Mawu awo anali osasa, moti m'tchalitchi ankangogwedeza milomo anzawo akamaimba. Chimene ankaimba iwo chinali basuni, chitoliro chamtengo wofiirira, chachitali ngati munsi, chokhala ndi kakhosi kachitsulo kopindika, kunsonga kwake kuli kabango kouzirapo mpweya. Anachidziwira ku Zomba ali mnyamata, mu bandi ya apolisi, pamene mkulu wa bandi anaona zala zawo zazitali n'kuwapatsa chida chimene aliyense ankachikana. Kenaka anatumizidwa kunja kukaphunzira. Ali konko, ndale kumudzi zinasokonekera. Amalume awo anali mmodzi mwa anthu amene anathawa m'dziko, ndipo a Henderson anauzidwa kuti asayerekeze kubwerera. Anakhala choncho mpaka imvi. Masana ankaphunzitsa ana zoimbaimba m'sukulu za ku Alexandria, madzulo ena ankaimba m'gulu lalikulu la zoimbira, lija amati okestra. Kumudzi kunangofika liwu limodzi lokhalo, loti woimba, ndipo kumudzi woimba ndi munthu wotsegula kukamwa.

"Paja mukudziwa kuti malemu analibe nyimbo ya pakamwa," anatero Callista motsitsa mawu.

"Tiziba, ba mulamu, ndiye chifukwa chake nabwela," anayankha a Yotam. Iwowa anali a ku Zambia, munthu wamkulu thupi, amene ankagwira besi m'kwaya ya tchalitchi. "Ine naganiza so. Ningaimbe chabe nyimbo imodzi ya mu chalichi, imwe mujambule. Ba mayo baja banamvela mwana wao kudala, akali kamnyamata. Mau ya mwamuna yamachinja. Bazaziba bwanji?"

"Vuto lanu a Yotam," anatero a Fryson, "mukangotsegula pakamwa Lusaka yense amatulukira. Mayi aja akafunsa kuti mwana wanga anasanduka liti wa ku Zambia."

"Iwe! Pa nyimbo nimaimba Chichewa choyela kupambana iwe."

"Choyera ngati madzi a mu mtsinje wa Potomac."

Anaseka onse awiri, kenaka anakumbuka nyumba imene anali, n'kusiya.

"Kaseti ya malemu ilipo," anatero Callista. Anadzuka n'kukaitenga pamwamba pa kabati. Anamupatsa ndi anzawo a m'okestra tsiku la maliro, akuti inajambulidwa ndi a wailesi pa konsati ina chaka chathacho. Anali asanaimvere chiilandirire. Anaiika mu wailesi ya kaseti n'kudina.

Nyumba inadzaza ndi mavayolini. Pambuyo pake panabwera malipenga, ng'oma zikugunda pansi, zitoliro zing'onozing'ono zikuthamangitsana pamwamba. Alendo aja anamvetsera mwaulemu, mitu ili pambali, monga amachitira anthu akamamva ulaliki wa m'chinenero chachilendo.

"Ndiye iwowo ali pati?" anafunsa a Fryson.

"Ali momwemo."

"Ni aba balila monga ng'ombe?" anafunsa a Yotam.

"Amenewo ndi malipenga," anatero a Fryson.

"Manje ni bati?"

Callista sankadziwa. Zaka zonse za ukwati wawo ankapita ku makonsati, atavala diresi lake labwino, n'kukhala m'mipando ya m'mwamba. Kuchokera kumeneko ankaona nsonga ya basuni itatulukira pamwamba pa mitu ya anthu ngati chumuni, ndi dazi la amuna ake likunyezimira m'magetsi. Akamabwerera pa galimoto a Henderson ankafunsa kuti, "Wandimva?" Iye ankayankha kuti, "Ndakuonani." Iwo ankaseka mpaka kutsokomola, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngakhale pakhomo sankaimba, popeza makoma a nyumba zogundizanazi ndi opyapyala ndipo aneba anadandaulapo. Ankakonzekera ku sukulu ana akaweruka. Zimene Callista ankamva pakhomo n'zoyesa timabango tokha. Ankatipala ndi kampeni pa tebulo la kukhitchini, n'kutinyika m'kapu ya madzi, kenaka n'kuuzira kamodzi, kabango n'kulira ngati khwangwala.

Anazimitsa wailesi.

Tsiku lomwelo a Yotam anaimba. Anaimirira pakati pa balaza, dzanja limodzi pachifuwa, n'kuimba nyimbo ya pamaliro imene aliyense wa kwathu amaidziwa, Callista akujambula pa kaseti yatsopano. Anaimba bwino, mosaonetsa n'komwe kuti ndi wa ku Zambia, ndipo pomaliza misozi inali ikutsika m'masaya mwawo, chifukwa malemuyo analidi mnzawo.

"Si bodza loipa, alamu," anatero a Fryson ali pakhomo. "Nkhalamba ija ikagone ndi mtima m'malo. Ndidzadutsa Lachisanu masana kudzatenga katundu."

Masiku otsatirawo Callista ankapita kuntchito, ku nyumba yosungirako okalamba kumene anali namwino, n'kumatembenuza ndi kusambitsa amayi a anthu ena. Akaweruka ankakwera sitima, n'kufika pakhomo dzuwa lisanalowe, osavula n'komwe yunifolomu. Ankakhala pansi n'kugunditsa khutu ku wailesi, kaseti ya okestra ikuzungulira. Nthawi zina ankaganiza kuti wawapeza, mtima n'kudumpha, koma liwu lija linkakwera m'mwamba n'kukhala la chida china. Zinali ngati kufunafuna munthu pa msika, iwe uli pamwamba pa phiri.

Lachitatu anagonja. Anayala nsalu pa bedi, n'kuikapo jekete la amuna ake, zithunzi, ndi kaseti ya a Yotam. Atagwira ngodya za nsalu kuti amange, anaona m'maganizo mwake mmene zikakhalire. Anaona mayi wosaona atakhala pamphasa, mdzukulu wina atabwereka wailesi ndi mabatire, amayi a m'mudzi atazungulira. Kaseti ikayamba, a Nasibeko akatambasula manja n'kubuma maliro, kuitana mwana wawo. Ndipo mawu amene akawalire akakhala a Yotam, munthu wamoyo, amene nthawi yomweyo adzakhala akudya mpunga kwake ku Germantown. Munthu wamoyo saliridwa. Kwawo ankati kutero n'kumuitanira manda. Ndipo a Henderson, amene anagona m'dothi lozizira la eni, akanakhalabe osaliridwa ndi mayi wowabala.

Anachotsa kaseti ija pa nsalu. Anakhala nayo m'manja kwa kanthawi, kenaka anapita pa foni.

Pa maliro panabwera ophunzira ambiri a malemu, ena akuluakulu kale, ena atagwiridwa padzanja ndi makolo awo. Mmodzi mwa iwo, mtsikana wakuda wa konkuno dzina lake Sylvia, analira kuposa onse, ndipo pochoka anamusiyira Callista nambala yake. Tsopano nayenso anali mphunzitsi wa zoimbaimba ku Manassas. Callista anamufotokozera zonse m'Chizungu, akupunthwapunthwa pofotokoza za liwu loti woimba. Sylvia anangoti, "Ndibwera mawa ndikaweruka."

Anafikadi, tsitsi lili ndi mvula, atanyamula chikwama chachitali chakuda. Callista atachiona anagwira chitseko, chifukwa a Henderson anagwa atanyamula chikwama chotero, pabwalo loimika magalimoto ku sukulu, mtima utaima. Sylvia anazindikira, n'kuchiika kuseri kwa mpando.

"Mayi Kalekeni, ndaganizira njira yonse," anatero atakhala pansi. "Basuni yawo ili muno, eti? Ndikhoza kuimba pa imeneyo, ndi kabango kamene anapala okha. Kaimbidwe kawo ndimakadziwa, ndi iwo anandiumba. Palibe angasiyanitse."

"Mwanawe, zikomo. Koma wina wandipatsa kale mphatso yotero. Ndikufuna iwowo."

Sylvia anagwedeza mutu. Sanakakamire.

"Ulibe kaseti ya pophunzira? Mwina pamene akuyankhula, ngakhale akukalipa?" anafunsa Callista.

"Sankalola. Wina akabwera ndi chojambulira ankamuuza kuti akachisiye panja. Ankati khutu lako ndiye kaseti." Anayang'ana wailesi ija. "Ndipo ndikuuzeni zoona. Iwo anali basuni yachiwiri. Woyamba ndiye amapatsidwa malo oimba yekha. Wachiwiri ntchito yake n'kukhala pansi pa anzake, kuwanyamula. Ankatiuza kuti ukamumva wa basuni yachiwiri, ndiye kuti walakwitsa penapake."

"Ndiye sanalakwitsepo," anatero Callista. Zaka makumi awiri munthu anasiyana ndi mayi ake, n'kukhala ali pansi pa anzake kuti asamveke.

"Konsati imeneyi ndinaliko," anatero Sylvia. "Tayatsani."

Anamvetsera maso ali chitsinzire, zala zikuyenda zokha pa bondo lake. Pena ankathamangitsa kaseti kutsogolo, pena kuibweza. Kenaka anaimitsa. Anatsegula chikwama chake, n'kulumikiza zigawo za basuni yake, n'kupempha madzi pang'ono m'kapu. Callista anapita kukhitchini. Dzanja lake linapita lokha pa kakapu kaja ka timabango, koma anakasiya n'kutenga ina.

"Ndiimba njira imene iwo akuyenda pamenepa, kuti muidziwe," anatero Sylvia. "Kenaka tiifunefune m'kasetimo."

Anaimba motsitsa. Inalibe kukoma kwenikweni nyimboyo. Anali mawu akuya ochepa chabe, otsika pang'onopang'ono ngati munthu wotsetsereka ndi mtolo pamutu, kenaka limodzi lalitali. Anaiimba kawiri. Atayatsa kaseti, mavayolini anasefukira, ndipo Callista sanamve kanthu.

"Mwamva?"

"Ayi."

Sylvia anabweza kaseti. "Bwereza," anatero, m'Chichewa.

Callista anadzutsa mutu. "Wati chiyani?"

"Bwereza. Ndalakwitsa katchulidwe?" Mtsikanayo anamwetulira koyamba. "Chaka changa choyamba ndinkayesa ndi dzina limene andipatsa. Ndikangomaliza kuimba, iwo, bwereza. Ndinakawauza amayi anga kuti aphunzitsi a ku Afirika aja amanditcha Bwereza."

Callista anaseka, kuseka kwenikweni, dzanja lili pakamwa.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi," anapitiriza Sylvia. "Inali nthawi imene ankatisakaniza m'sukulu ndi ana a azungu. Ine ndinkakhala kumbuyo, osayankhula ndi munthu. Tsiku logawa zoimbira anzanga anathamangira zitoliro zonyezimira, ine ndinangokhala. Iwo anabwera n'kunditambasula zala, n'kunena kuti, iwe ndi wanga. Loweruka lililonse ankatiphunzitsa m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, ife amene makolo athu sakanatha kutipezera mphunzitsi. Wina mwa ife ali mu bandi ya asilikali. Wina amayendetsa basi mu mzindamu, koma amaimbabe Lamlungu. Ine ana anga a ku Manassas ndimawauza kuti bwereza, ndipo amayesa ndi Chitaliyana."

Callista ankadziwa kuti Loweruka amuna ake sankapezeka pakhomo. Ankanyinyirika nazo masiku ena, makamaka zaka zimene zinaonekeratu kuti m'nyumbamo simudzalira mwana. Anayang'ana zala za mtsikanayo, zazitali, zokhala ndi timabala ta kampeni.

"Bwereza," anatero Callista.

Anabwereza. Ndipo anabwerezanso. Mvula inkagogoda pa zenera. Pena Sylvia ankang'ung'udza njira ija limodzi ndi kaseti, kenaka n'kusiya pakati kuti khutu la Callista lipitirize lokha, koma likangosiyidwa linkathamangira kwa mavayolini.

"Mukuyang'ana kudenga," anatero Sylvia. "Onse amene akufuula pamwambawo asiyeni. Mverani pansi, pamene apondapo."

Callista anatsinzina. Anakumbuka ali mtsikana kwawo ku Mulanje, mmene ankagonera pamphasa masana akudwala malungo, amayi akusinja kuseri kwa nyumba. Nyimbo ya amayiwo inkabwera ndi mphepo, koma kugunda kwa mtondo kunkabwera ndi nthaka, n'kumumvekera m'nthiti. Anasiya kusaka ndi makutu. Anangokhala, manja ali pa kapeti.

Ndipo anaimva. Inali pomwepo nthawi yonseyi, pansi pa zonse, ikutsika ndi mtolo wake. Sanayankhule, kuopa kuti ingamuthawe. Anangokweza chala.

"Eya," ananong'ona Sylvia. "Musawasiye. Akubwera pamene ndikufuna."

Mavayolini anayamba kuzilala mmodzimmodzi. Zitoliro za pamwamba zinaleka. Panakhala kachete kakang'ono, ndipo m'kachetemo munamveka munthu akukoka mpweya, mofulumira, ndi kamluzu kakang'ono ka mpata wa pakati pa mano. Kenaka liwu lalitali lija linalowa lokha, mosathamanga, ngati mlendo amene waodira kaye pakhomo. Linakhala lokhalokha nthawi yongokwanira kumeza mate. Pomwepo gulu lonse linagwera pamwamba pake.

Kamluzu kameneko Callista anagona pambali pake zaka khumi ndi zisanu.

Sylvia anaimitsa kaseti. Callista anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango, n'kupempha kuti abwezenso, ndipo ulendo uno anawapeza yekha kuyambira pachiyambi. Anapempha kachitatu.

"Ndi pokhapo?" anafunsa pambuyo pake.

"Pamene ali okha, ndi pokhapo."

"M'kaseti yonseyi?"

"Inde, mayi."

Sylvia anayamba kupukuta basuni yake ndi kansalu. Akuika m'chikwama anafunsa mosayang'ana kumaso, "Nanga mayi awo aja akawapeza bwanji? Inu zakutengerani madzulo onse, ine ndili pambali panu."

Funsolo linali litamufika kale Callista. Anaona kasetiyo ikulira pakhonde ku Ntcheu, nkhuku zikudutsa, amayi a m'mudzi akuyang'anizana. Wina akanati, awa ndi manyimbo a azungu, mpongozi wanu wakutumizirani zolakwika. Kamphindi kaja kakanadutsa wina akutsokomola.

"Uli ndi chojambulira china?" anafunsa.

"Chili m'galimoto, cha ku sukulu."

"Undibwereke mpaka mawa."

Lachisanu m'mawa Callista sanapite kuntchito. Anasesa pabalaza, ngakhale panalibe zinyalala. Anavala chitenje pamwamba pa diresi n'kumanga mpango wakuda kumutu. Anaika wailesi yake pa tebulo laling'ono, chojambulira cha Sylvia pambali pake. Kaseti ina yopanda kanthu analibe, choncho anaikamo ya a Yotam, n'kuibweza poyambira. Anayang'ana mpando, koma anaona kuti sizingatheke kuyankhula ndi apongozi atakhala pamwamba. Anagwada pa kapeti, chapambali pang'ono, monga amagwadira mkazi pakhonde la eni. Anadina mabatani awiri ojambulira, kagudumu n'kuyamba kuzungulira.

Anawomba m'manja katatu mofatsa. Poyamba kaseti inajambula kupuma kwake kokha ndi galimoto yodutsa mumsewu.

"Odi, amayi," anatero kenaka. "Ndine mpongozi wanu, Callista, mwana wa kwa a Chabala ku Mulanje. Ndabwera mochedwa pakhomo panu, ndipo ndabwera ndi maliro. Pepani, amayi. Pepani."

Anawombanso m'manja kamodzi.

"Mawu munatuma aja andipeza. Ndiye ndati ndikuuzeni zoona zake. Mwana wanu sankaimba ndi pakamwa. Mawu ake anali osasa, mwina mukukumbuka. Ankaimba chitoliro chachikulu chamtengo, chija anachiyambira ku Zomba. Ankaimba pamodzi ndi anthu ambiri, odzaza tchalitchi, aliyense ndi chida chake. Iye sanali woyambitsa nyimbo, amayi. Anali mmodzi mwa ovomera, wogwira pansi kuti anzake asagwe. Ineyo ndakhala naye zaka zonsezi osamumva. Ndamumva dzulo. Wandithandiza ndi mwana wina amene iye anamuphunzitsa, chifukwa ana amene anawaphunzitsa ndiye wasiya ambiri, ena ndi aphunzitsi kale. Ndiye ine ndikugwirani dzanja monga anandigwirira mwanayo. Amene ali pafupi ndi wailesi, chonde akhale chete, ndipo amayi akati bweza, mubweze."

Anang'ung'udza njira ija ndi mawu ake, mawu otsika aja ndi limodzi lalitali lija. Atamaliza anaiyambanso.

"Imeneyo ndiye njira yake. Tsopano ndiyatsa. Mumva phokoso lambiri, musatope. Ofuula pamwambawo si iye, asiyeni apite. Inu mumvere pansi, ngati mmene mumamvera mtondo wa kwa aneba."

Anatambasula dzanja n'kudina wailesi. Mavayolini anadzaza m'chipindamo. Callista anasendeza pakamwa pafupi ndi chojambulira, n'kumang'ung'udza motsitsa limodzi ndi amuna ake, phazi ndi phazi.

"Ndi uyo akutsikayo," ananong'ona. "Musamusiye. Anzake ayamba kukhala chete tsopano. Mumva munthu akukoka mpweya, ndi kamluzu ka m'mano. Mano ake aja, amayi. Konzekani."

Anatseka pakamwa pake ndi dzanja. Mavayolini anazilala. Kachete kaja kanafika, mpweya unakokedwa, ndipo liwu lalitali linalowa lokha m'balaza la ku Alexandria.

"Ndi ameneyo," anatero Callista gulu litagwera pamwamba pake. "Ndi ameneyo Hendasoni wanu. Muli ndi womulira tsopano."

Sanazimitse. Nyimbo inapitirira, malipenga ndi ng'oma zikukwera, ndipo iye anakhalabe chogwada, misozi ikudonthera pa chitenje. Ankawamvabe pansi pake, akuyenda ndi mtolo wawo, pena kusowa, pena kutulukiranso. Anasendezanso pakamwa pa chojambulira.

"Musaganize kuti wachoka, amayi. Akadali momwemo mpaka kumapeto. Anzake angomuphimba."